Chaka Chimene Mpunga Unamera Pansi pa Mphaka

Anthu a ku Kaporo akamakamba za njala ya chaka chija amayambira pa madzi osefukira amene anakokolola mpunga mu Epulo, ndi chinangwa chimene chinaolera m'nthaka. Ine madziwo sindinawaone. Boma linanditumiza kukaphunzitsa kumeneko madzi ataphwa kale. Chimene ndimakumbuka ndi mphaka wa mkazi wanga ali chagada pa simenti, kukamwa kuli yasa, ndi thumba limodzi la mbewu limene silinali lathu.

Ife ndi a ku Dedza, kumene munthu amafunda bulangete ngakhale mu Okutobala. Mkazi wanga Nabanda anasiya mitsuko, anasiya nkhuku, koma mphaka wake anakana kumusiya. Dzina lake linali Kachewere, chifukwa anali wonenepa ndi wobulungira. Anamupatsa ndi amayi ake, ndipo pa zonse zimene tinanyamula, chamoyo chochokera kwawo chinali chokhacho.

Okutobala

Nyumba imene anatipatsa pasukulu inali ya malata, pansi pa simenti, yosiririka ukaionera kunja. Koma dzuwa likafika pamutu, m'katimo munthu unkapsa uli chikhalire. Ana ankagona m'kalasi ine ndili pa bolodi, ndipo sindinkawadzutsa, poti nanenso ndinkasinza choimirira.

Chilichonse kumeneko chinkandisokoneza mutu. Kwathu Okutobala ndi mwezi womaliza mizere, maso ali kumwamba. Ku Kaporo panalibe woyang'ana kumwamba, ndipo ndikafunsa za mvula ankandiseka, amati yeniyeni imabwera chaka chikatembenuka. Njala inalipo, aliyense ankaiona pankhope pa mnzake, koma kuitchula pagulu kunali kudziputira mavuto. Anyamata achipani ankati m'dziko muno mulibe njala, ndiye tonse tinkangoti zinthu zavutako pang'ono. Chimanga chikafika kumsika wa boma unkayamba waonetsa khadi la chipani, kenaka n'kuima pamzere mpaka miyendo kuuma, ndipo ukafika kutsogolo ankati chatha.

Loweruka lina m'mawa kunabwera mayi wa kuseri kwa sukulu, a Tumpale, atasenza thumba lachiguduli. Anali wamasiye wa ana atatu, wamfupi, wolankhula mosazungulira.

"Mwaghona, Mwalimu," anandipatsa moni m'Chinkhonde, kunditchula monga amaitanira mphunzitsi kumeneko, n'kutula thumba lija pakhonde. "Ndabweretsa mbewu yanga ya mpunga, igone kuno kwanu."

Ndinafunsa chifukwa chake.

"Kuno kuli simenti, kuli mphaka, ndipo inu si abale anga. Kwanga kuli makoswe amitundu iwiri, amichira ndi awa ndinabereka ndekhawa. Tsono mumve bwino. Ndikabwera kudzalira, musandipatse. Ngakhale ndigubuduke pansi, yayi. Pamene muikepo musandionetse n'komwe."

Nabanda ndi amene anafunsa bwinobwino mpaka nkhani inamveka. Munda wa mpunga unali wa malemu amuna awo, ndipo kumeneko munda ndi wa kuchimuna. Alamu awo, a Gwamaka, anali atanena kale pamaso pa abale kuti munda ukagona chaka chino osabzalidwa, autenga iwo. Ine, munthu wokulira ku chikamwini kumene mwamuna ndiye mlendo, zinandivuta kumva kuti mkazi angalandidwe munda umene wakhala akupindamo msana. Koma chachikulu ndinachimva: thumba limenelo likatha, mundanso wapita. Tinaliika m'kachipinda kopanda zenera kamene tinkasungiramo makasu.

Masiku omwewo Kachewere anali atasiya kudya. Ankangoti wefuwefu ngati galu, lilime panja, chinthu chimene kwathu sitinaonepo mphaka akuchita. Nabanda anamusambitsa m'beseni, mphaka n'kumukanda manja onse. Anamumeta ubweya wa kumimba ndi lumo, akazi odutsa n'kuima kumaonerera. Anamugoneka pambali pa mtsuko wa madzi, anamuyalira masamba a nthochi, anamukupiza ndi lichero. Ine ndinanena kuti mphaka ndi nyama, azolowera yekha.

"Inu mwazolowera?" anandifunsa. Thukuta linali likunditsikira m'makutu.

Novembala

Kutentha kunawonjezeka. Anthu anayamba kuphika mango osapsa. Mbale ya ufa wa kondowole imene tinkagula mosaganizira inasanduka chinthu chokambirana kaye m'nyumba. Mphekesera zinali mbwee: ena amati sitima ikubwera ndi chimanga, ena amati chimangacho chawolokera ku Tanzania. Amuna ena anagulitsa ng'ombe pamtengo wozizira, ena anawoloka mtsinje wa Songwe kukagwira ganyu ku Tanzania.

Tsiku lina a Tumpale anapeza Nabanda akulira pakhonde, mphaka ali pamiyendo ngati wakufa. Anaseka kaye mpaka kugwira mimba, kenaka anamva chisoni.

"Mama, musamuthire madzi m'thupi, mphaka sakonda. Ife mwana wa ng'ombe akakomoka ndi dzuwa timanyowetsa chiguduli. Inu nyowetsani, muyale pamene iye amakonda kugona. Chikauma, nyowetsaninso."

Nzeru ija inagwira. Posakhalitsa Kachewere anayambanso kudya mitu ya usipa, n'kumadzinyambita ngati bwana. Nabanda ankanyowetsa chigudulicho m'mawa, masana ndi chakumadzulo, osaphonya. A Tumpale ankafunsa za wodwala wawo nthawi zonse akamadutsa, ndipo ankanyadira. Sanafunse kuti mphakayo amakonda kugona pati, poti anali atadziletsa okha kudziwa za m'kati mwa nyumba yathu. Inenso sindinafunse. Kachewere ankagona m'kachipinda kamdima kaja, pamwamba penipeni pa thumba la mbewu.

Chakumapeto kwa mwezi zimene a Tumpale ananena zija zinachitika. Anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, mwana wamng'ono ali kumbuyo, n'kugwada pakhonde.

"Mwalimu, ndipatseniko mbale imodzi yokha. Ana sanadye kuyambira dzana."

Ndinayang'ana Nabanda, iye n'kuyang'ana pansi. Kodi munthu wakuuza kuti ndikadzalira usandimvere, akabwera akulira umvera uti, wa Okutobala kapena wa lero? Ndinakana. Nabanda anawapatsa ufa wathu pang'ono, iwo n'kulandira osatiyang'ana, ndipo ndinatsala ndikudziona ngati munthu woipa amene wachita chinthu cholondola.

Mawa lake ndinalowa m'kachipinda kaja kukatenga khasu. Munali fungo la chimera. Ndinachotsa mphaka, ndinachotsa chiguduli chonyowa, ndipo ndinaona timizu toyera titaboola thumba ngati ndevu za nkhalamba. Ndinaitana Nabanda. Mkazi amene wakhala akumeretsa chimera cha thobwa kuyambira ali mtsikana anaima kakasi, manja ali pakamwa.

"Ndimafinyatu," anatero. "Ndimafinya kwambiri. Komanso mpunga uli ndi makoko olimba chonchija, madzi angalowe bwanji?"

Tinakokera thumba pakhonde n'kuitanitsa a Tumpale. Anamasula okha. Pamwamba mpunga unali utamera, mizu italukana. Pakati unali wakuda, wachita nkhungu. Pansi pokha ndi pamene panatsala wouma, wosakwana n'komwe dengu laling'ono. Anatiuza kuti mlimi wa mpunga akafuna kudzutsa mbewu amachita zomwezo, kuinyowetsa n'kuifundika chiguduli pamalo otentha, koma amatero mvula itafika.

"Anakuuzani ndani kuti muyale chonyowa pa mbewu?"

"Munati pamene amakonda kugona," Nabanda anayankha ndi mawu aang'ono.

A Tumpale anakumbukira kuti mawuwo analidi awo. Anayang'ana mphaka, anayang'ana Nabanda, anandiyang'ana ine. Tonse tinkafuna woti timukalipire, koma aliyense tikamuyang'ana ankaoneka kuti anangochita zimene anauzidwa.

Disembala

Mpunga wouma uja a Tumpale anapita nawo kwawo, ndipo tsiku lomwelo tinamva mtondo ukulira. Sindinawaweruze. Iwo anali atanena kale kuti ukafika m'manja mwawo sukhala.

Womera uja sukanadikira. Anaufesa pa kamunda kakang'ono ka mbande pafupi ndi chitsime cha sukulu, n'kumanga kadenga ka udzu pamwamba, n'kutchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi. Kumeneko anthu ambiri ankangowaza mpunga m'munda mvula ikagwa, ndiye nazale ya mu Disembala, nthaka ili gwa, inali yoseketsa mudzi wonse. Madzi m'chitsime ankabwera pang'onopang'ono, ndipo akazi ena anayamba kudandaula kuti madzi akumwa akuthera udzu. Nabanda ndi a Tumpale anayamba kukatunga kumtsinje, kumene ankakumba mumchenga. Ankapita limodzi, ankabwera limodzi, osalankhulana.

Nabanda analeka kunyowetsa chiguduli. Anati sakufunanso kuchiona. Kachewere anayambanso wefuwefu wake, ndipo tsiku lachiwiri anasowa. Tinamupeza ku nazale, atagona pansi pa kadenga kaja, pa dothi lonyowa, mbande zitaphwanyika mozungulira thupi lake. Pa Kaporo ponse malo ozizira anali amenewo, ndipo iye anawapeza.

A Tumpale anamuthamangitsa ndi mtengo. Anabwerera. Anamuthira madzi, iye n'kungosuntha pang'ono. Koma m'mawa mwina ankapeza michira ya makoswe m'mbali mwa minga, ndipo timba ndi mpheta zinasiya kutera pamenepo.

"Mwalimu, chinyama chanuchi chikundithandiza kapena chikundimaliza?" anandifunsa tsiku lina.

Ndinati sindikudziwa. Mpaka lero ndikanafunsidwa ndikanayankha chomwecho. Mapeto ake anazula mbande pangodya imodzi n'kusiya dothi lokhalokha, lonyowa, kuti mphakayo azigona pamenepo. Nthawi zina ankagonadi pomwepo, nthawi zina ayi.

Kunja nkhani inali itamera miyendo. Ankati aphunzitsi a ku Dedza ali ndi mphaka wometedwa amene amameretsa mpunga m'nyumba popanda mvula. Ena ankati ndi amene wamanga mvula. Ana ena anasiya kukhala kutsogolo m'kalasi mwanga. A hedimasitala anandiitana n'kundilangiza kuti ndizisamala, koma nditafunsa kuti ndisamale chiyani, nawonso anakanda m'mutu.

Pafupi ndi Khirisimasi kunagwa mvula imodzi yaphokoso. Ine ndinathamanga kukabzala chimanga kuseri kwa nyumba monga timachitira kwathu. Anthu anangondiyang'ana. Dzuwa linabweranso, chimanga chija chinamera n'kupsa, ndipo mbande za a Tumpale zinayamba kuchita chikasu kunsonga. Zinali zikukalamba pa nazale.

Januwale

Mvula yeniyeni inafika chaka chitatembenukadi, ndipo inagwa mosaleka mpaka minda inadzaza. Tsiku lachiwiri a Gwamaka anafika kwa mlamu wawo, ife tili pomwepo. Anali munthu wamtali, waulemu, wosakweza mawu.

"Mlamu, ine sindikufuna mkangano. Lolemba ndibwera ndi ng'ombe. Pamene mwabzala ndi panu. Pamene sipanabzalidwe ndilima ine, nthaka ya mkulu wanga isagone."

Atachoka, a Tumpale anayang'ana nazale ija nthawi yaitali. Anati mbande zimenezo, zitachotsedwa zofa ndi zogonedwa ndi mphaka, zingokwana ngodya imodzi ya munda. Kwina konse kunali kopita.

Loweruka tinapita kukathandiza. Ine ndi Nabanda tinali tisanaponde m'munda wa mpunga chibadwire. A Tumpale anatipatsa mitolo ya mbande, anatilozera mbali ya kumtunda, iwo n'kuyamba mbali ya kumunsi. Atawokera pang'ono anabwerera ku nazale kukazula zina. Sanatiuze kabzalidwe kake, poti kwa iwo munthu wamkulu wosadziwa kuwokera mpunga kulibe.

Ife tinabzala monga tidziwira. Phazi limodzi lalikulu, phando, mbande imodzi. Phazi lina, phando, mbande. Ine ndinafika podula ndodo yoyezera kuti mizere iwongoke, ndipo ndinkadzimva kuti ndikugwira ntchito yooneka. Pamene a Tumpale ankabwera ndi mitolo ina, tinali titafika patali.

Anatula mitolo ija m'madzi n'kugwira m'mutu.

"Mwalimu! Ichi n'chiyani? Mukubzala nthochi?"

Tinayang'ana kumene anabzala iwo. Mbande zinali zothithikana, zitatuzitatu, potalikirana chikhatho chimodzi. Kwathu kunali mbande pano, ina uko, madzi okhaokha pakati. Nabanda anayamba kuzula kuti tikonze, misozi ili m'maso.

"Dikirani," anatero a Tumpale.

Anaima m'matope, akuyang'ana kumene tinachokera, kenaka kumene kunatsala, kenaka mitolo. Milomo inkagwedera ngati akuwerenga. Ndiye anapita kumbali kwawo kuja, anazula zonse zimene anabzala, n'kuzilekanitsa imodziimodzi.

"Pitirizani za ku Dedza zanuzo," anatero. "Ndipatseni ndodoyo nane."

Tinabzala Loweruka lonse, ndi Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Odutsa pamsewu ankaima n'kumaitana anzawo kuti adzaone. Mbande yomaliza inalowa pangodya yomaliza.

Lolemba ndinachedwa kusukulu dala. A Gwamaka anafika ndi ng'ombe ziwiri ndi pulawo. Anaima m'mphepete.

"Mlamu, ichi n'chiyani?"

"Mpunga."

"Mpunga wake uti?"

"Suwo. Ndi uwo. Ndi uwo uko."

Anazungulira munda wonse, ng'ombe zikuwatsatira, kufunafuna poti alowetse pulawo osaponda mbande. Anawerama kangapo kuti aone ngati ndi mpungadi. Atabwerera pamene anayambira anavula chipewa, anakanda m'mutu, anandiyang'ana ine.

"Mwalimu, kwanu mumadya chiyani?"

Sanadikire yankho. Anatembenuza ng'ombe zawo n'kumapita.

Febuluwale ndi Malichi

Miyezi imeneyi ndiyo inali yowawa zedi. Mango anali atatha. Ana ankabwera kusukulu ochepa, ndipo amene abwerawo sankasewera pa nthawi yopuma. Kwa a Tumpale ankadya masamba a chinangwa ndi nthochi zosakhwima. Mwana wawo wamkulu anadwala malungo, anachira, koma anaonda mpaka maso kulowa.

M'munda muja, m'mipata yathu ikuluikulu ija, udzu unamera mokondwa. A Tumpale ankapalira ndi manja tsiku ndi tsiku, ali ndi njala, ndipo Nabanda ankapita nawo. Apa tsopano ankalankhulana, kawirikawiri zonyoza ine ndi ndodo yanga. Mbande zina zinafa, poti zinali zitakalamba kale. Zotsala zinachita ana ambiri, phata lililonse n'kutambasuka. Mu Malichi mtsinje unadzaza, tinagona mitima ili m'mwamba, koma madzi anangonyambita m'mphepete n'kubwerera.

Kachewere ubweya unameranso. Kunja kutazizirako ndi mvula, anabwerera kunyumba n'kumagona pampando wanga ngati palibe chinachitika.

Juni

Zokolola sizinali zodzitamandira. Oyandikana nawo amene anali ndi mbewu yokwanira anakolola kuposa iwo. Koma unali mpunga wokwanira kudya miyezi ingapo ndi kusunga mbewu, ndipo munda unali udakali wa a Tumpale. A Gwamaka anabwera kudzathandiza kumenya, osatchulanso za nthaka ya mkulu wawo.

Masana ena, mphepo ya mwera ikuwomba, a Tumpale anafika pakhonde pathu ndi lichero la mpunga watsopano, wonunkhira mpaka kumsewu. Nabanda anayamba kupepesa, mawu amene anawasunga kuyambira Novembala. Iwo anamudula.

"Mama, zimenezo zisiyeni. Ine ndaganiza mpaka mutu kuwawa, sindinapeze wolakwa. Ndadzera china." Analoza Kachewere, amene anali kuwothera dzuwa pa sitepe. "Chaka chino mbewu ndisunga ndekha. Uyu mundipatse."

Ndinaganiza kuti akuseka. Sankaseka. Nkhope yawo inali yomweyo imene anabwera nayo tsiku la thumba lija. Ndinati ndiyankhe kuti mphakayu ndi wochokera kwa apongozi, kuti tidzawapezera kamwana kena, koma Nabanda anali ataimirira kale. Anamunyamula Kachewere, anamukumbatira pachifuwa, n'kuwauza kuti sadya nsomba yowola, ndiponso kuti Okutobala akafika asamusiye padzuwa.

"Ndagha," anatero a Tumpale, kuthokoza kwa kwawo. Anamulandira, anamuika m'khwapa ngati nkhuku yogula kumsika, n'kumapita. Mchira wokha ndi umene unkaoneka kumbuyo.

Tinakhala pakhonde, lichero la mpunga lili pakati pathu. Ndinafunsa Nabanda.

"Kodi pamenepa atilipitsa mlandu, kapena atithokoza?"

"Ine ndimati mundiuza ndinu, aphunzitsi," anatero Nabanda. Anatenga lichero lija n'kuyamba kusankha timiyala, misozi ikugwera mumpunga.